Pepalali analemba ndani?

Amayi anga ndi amalume akhala akukangana nkhani imodzi kuyambira ndili mwana, ya mmene bambo awo, agogo anga aamuna, anasiyira ntchito. Amayi amati agogo anachotsedwa chifukwa anayankhulira anzawo pa nkhani ya malipiro, ndipo amati zinachitika chaka chomwe mng'ono wawo womaliza anabadwa, mpaka amakumbukira mayi awo atanyamula khanda pomwe bambowo amalowa m'nyumba masanasana, nthawi yoti sankapezeka pakhomo. Amalume amati ayi, mdala uja anavulala msana, ntchito yake inali yonyamula zolemera, anangoona kuti sangathenso n'kusiya yekha. Agogo onse awiri anatisiya kalekale nde panalibe woti n'kukamufunsa.

Kenako tsiku lina tikusanja katundu wakale tinapeza envelopu pansi pa sutikesi.

## Kalata ya mu sutikesi

Inali kalata yotayipa pa makina akale aja, zilembo zina zolowa kwambiri mpaka kuboola pepala. Anandipatsa ine kuti ndiwerenge mokweza. Imati bambo akutiakuti asiya ntchito mwa kufuna kwawo, agwira ntchito bwino, ndipo kampani ilibe nawo ngongole iliyonse. Pansi panali deti, chidindo, siginecha ya bwana, kenako chala cha agogo chodindidwa ndi inki yomwe inali itasanduka yofiirira. Deti lija limaonetsa zaka zitatu khanda lija lisanabadwe.

Amalume anawomba m'manja kamodzi. "Mwamva achemwali? Anasiya okha. Zalembedwa izi, si zanga."

Amayi anaitenga kalata ija, anapukuta magalasi, n'kuiyang'ana nthawi yaitali, koma ndimaona kuti maso awo sali pa mawu, ali pa chala chija. Kenako anandifunsa osandiyang'ana.

"Iwe, tandiuze. Pepalali analemba ndani?"

Ndinati mwina kalaliki wa kampaniyo.

"Nanga ababa amatha kuwerenga chilankhulo chimenechi?"

Tonse timadziwa kuti ayi.

"Ndiye amene akunena apa kuti anasiya okha ndi ndani, ababa kapena amene anawachotsawo?"

Amalume anakhala kaye chete, koma sanagonje. Anati, "Chabwino, komatu chaka mwaphonya achemwali, mwana uja anali asanabadwe." Amayi anangoti, "Za chaka kaya. Koma khanda ndinaliona."

Zinathera pomwepo tsiku limenelo, koma ine sizinandichoke m'mutu mpaka lero. Anthu awiri obadwa mimba imodzi, okulira nyumba imodzi, pepala lenileni lili pa tebulo, koma nkhani osagwirizana. Nanga anthu amene amalemba mbiri ya dziko lonse, ya nkhondo, ya anthu mamiliyoni amene anafa kale, amatani? Ndinayamba kuwerenga za mmene akatswiri a mbiri yakale ndi a sayansi ya chikhalidwe cha anthu amagwirira ntchito, ndipo ndinapeza kuti funso la amayi lija ndi pomwe ntchito yawo yonse imayambira.

## Pepala lili ndi mwini wake

Kusukulu History ambiri tinaiphunzira ngati madeti oloweza, chakuti chinachitika chaka chakuti, basi lemba mayeso. Za mmene wolemba bukulo anadziwira zimenezo satiuza kwenikweni. Pomwe vutoli ndi lakale kwambiri. Thucydides, Mgiriki amene analemba za nkhondo ya Athens ndi Sparta yomwe inayamba mu 431 BC, anadandaula yekha kuti anthu amene anaona chinthu chimodzi ndi maso amamuuza zosiyana, wina chifukwa chokondera mbali yake, wina chifukwa choiwala. Ibn Khaldun, wobadwira ku Tunis mu 1332, amakwiya ndi olemba mbiri amene amangokopera manambala akuluakulu a asilikali osadzifunsa ngati dera limenelo likanatha kusunga gulu lotero. M'zaka za m'ma 1800, Leopold von Ranke ku Germany anaphunzitsa ophunzira ake kuti azipita okha ku nkhokwe za zikalata n'kukawerenga zomwe zinalembedwa nthawi yomweyo zinthu zikuchitika.

Koma kupeza chikalata ndi poyambira chabe. Ukachipeza umachifunsa mafunso, analemba ndani, liti, amalembera ndani, ndipo amapindula chani polemba choncho. Kalata ya agogo ija ikafunsidwa chonchi imayankha zinthu zina mosakayikitsa, monga zoti anagwiradi ntchito kumeneko, deti lomwe anachoka, komanso zoti sankatha kusayina dzina lawo. Koma mzere wondipatsa chidwi ndi uja woti kampani ilibe nawo ngongole. Kalaliki sanaulembe kuti atiuze kanthu ife, koma ukutiuza kuti pepalalo linalembedwa kuti liteteze kampani. Silikutsimikiza kuti amayi akunena zoona, koma likuonetsa kuti mawu oti "mwa kufuna kwawo" ali ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo si agogo.

Ndiye palinso nkhani ya mapepala amene sitingawapeze chifukwa wina anaonetsetsa kuti asapezeke. Pomwe maiko olamulidwa ndi Britain amalandira ufulu, akuluakulu a boma la atsamunda anawotcha mafayilo ambiri, ena n'kuwanyamula mwachinsinsi kupita nawo kwawo. Zinadzaululika mu 2011, pa mlandu womwe okalamba a ku Kenya amene anazunzidwa m'misasa nthawi ya Mau Mau, gulu lomwe linaukira atsamunda, anasumira boma la Britain ku khothi la ku London. Apo m'pomwe bomalo linavomera kuti ku Hanslope Park, malo ake ena a ku England, kuli mafayilo masauzande ochokera m'maiko ambiri, pafupifupi 1,500 mwa iwo a ku Kenya kokha. Mu 2013 linavomera kupereka mapaundi 19.9 miliyoni pa mlandu wa anthu 5,228. Zaka zonsezo okalambawa amanena zomwe anaona, ena zipsera zili m'thupi, koma amene amangokhulupirira zolembedwa akanati umboni palibe.

## Chaka cholakwika

Komatu amalume nawo sananame, amayi chaka anaphonyadi. Ndipo apa m'pomwe ndinakhalitsa, chifukwa amayi si munthu wopeka nkhani, khandalo amaliona ndithu m'maganizo mwawo.

Akatswiri a za maganizo anayesapo zimenezi. Chombo cha m'mlengalenga cha ku America chotchedwa Challenger chitaphulika pa 28 January 1986, mawa lake Ulric Neisser anapempha ophunzira a pa yunivesite ya Emory ku America kuti alembe komwe anali, zomwe amachita, ndi amene anawauza. Patapita zaka pafupifupi zitatu anafunsanso 44 mwa iwo mafunso omwewo. Ambiri anasintha nkhani, ena anasinthiratu zonse, malo, nthawi, munthu, koma akuyankha motsimikiza kwambiri. Ataonetsedwa zomwe analemba okha, ena anavomera kuti dzanja ndi lawo koma anati iwo akukumbukirabe mwinamo. Kutsimikiza kwa munthu ndi kulondola kwa zomwe akunena zimayenda padera.

Munthu angati basi nde zokamba pakamwa tizitaye. Koma pali nkhani ya ku Italy yomwe inanditembenuza maganizo. Pa 17 March 1949, mu mzinda wa Terni, anthu ogwira ntchito mu fakitale ya zitsulo anatuluka kukachita zionetsero zokana kuti dziko lawo lilowe mu NATO, mgwirizano wa asilikali wa America ndi maiko a kumadzulo kwa Ulaya. Anakumana ndi apolisi, kunamveka mfuti, ndipo mnyamata wa zaka 21 dzina lake Luigi Trastulli anaphedwa. Deti limeneli ndi lodziwika, lili mu nyuzipepala za nthawiyo komanso m'zikalata za boma. Patapita zaka zambiri, wofufuza mbiri wina, Alessandro Portelli, anayenda ndi chojambulira mawu kufunsa anthu a mumzindawo, ambiri mwa iwo anzake a malemuyo a mu fakitale. Chodabwitsa, anthu ambiri amamuuza kuti Trastulli anaphedwa mu 1953, pa zipolowe zomwe zinabuka fakitale itachotsa ntchito anthu oposa 2,000.

Portelli sanangolemba kuti anthuwa asokoneza n'kupitiriza ulendo. Anadzifunsa kuti bwanji anthu ambiri chonchi, osapangana, akuphonya mofanana, onse kukankhira imfayo ku chaka chimodzimodzi. Yankho lomwe anapeza ndi loti mu 1949 mnzawo anaphedwa iwo osabwezera kanthu, anangomwazikana, ndipo chimenecho chinawakhala pamtima ngati manyazi. Mu 1953 analimbana, anatchinga misewu. Nde maganizo awo anatenga imfa ija n'kukaiika pa nthawi yomwe iwo anaima ngati amuna, komanso pa nkhani yomwe inawapweteka kwambiri, ya ntchito ndi mabanja awo, osati ya NATO yomwe pofika nthawi yomwe Portelli amawafunsa olo chipani chawo cha Chikomyunizimu chinali chitasiya kulimbana nayo. Nyuzipepala inamuuza Portelli tsiku lomwe munthu anafa. Chaka cholakwikacho chinamuuza chomwe imfayo inatanthauza kwa anthu otsala, chomwe sichinalembedwe paliponse.

Nditawerenga zimenezi ndinakawafunsa amayi funso lina, osatinso za deti, koma kuti chaka cha khandacho kunachitika chani kwa iwowo. Anati ndi chaka chomwe anasiya sukulu. Ndalama zomwe agogo anasunga zinali zitatha, mayi awo anayamba kumachoka m'mawa kukasaka ntchito, nde wolera khanda anali iwowo, mtsikana wamkulu. Amayi amakhoza bwino m'kalasi, amafuna kudzakhala mphunzitsi. Agogo anachoka ntchito chaka chomwe chili pa kalata, inde, koma kwa amayi ntchitoyo inatha tsiku lomwe anawapatsa khanda m'malo mwa makope. Zinthu ziwirizo zinamatana kukhala tsiku limodzi, ndipo sindikuona kuti pali deti lomwe lingazimatule.

## Wofunsayo ndi ndani

Pakati pa 1936 ndi 1938 boma la America linatuma anthu kukafunsa okalamba amene anabadwira mu ukapolo, ndipo anasonkhanitsa nkhani zoposa 2,300. Ndi chuma chachikulu, koma ambiri mwa ofunsawo anali azungu, ndipo amafunsa anthu akuda osauka m'madera omwe kuyankhula zoipa za mzungu kumatha kukuika m'mavuto. Ku Charleston gogo wina dzina lake Susan Hamlin anafunsidwa kawiri ndi anthu awiri osiyana. Kwa Jessie Butler, mayi wachizungu yemwe gogoyo amaoneka kuti amamuyesa wa ku ofesi yothandiza osauka, anakamba za bwana wabwino amene amasamala akapolo ake. Kwa Augustus Ladson, bambo wakuda, gogo yemweyo anakamba za zikwapu, za ana ogulitsidwa amayi awo akulira. Chikhala kuti kufunsa kwachiwiriko sikunachitike, lero bwenzi wina akutenga mawu a gogoyu ngati umboni woti ukapolo sunali woipa kwenikweni.

Gogoyo amadziwa bwino amene wakhala naye pakhonde ndi zomwe munthuyo akufuna kumva. Aliyense amatero. N'chifukwa chake akatswiri a anthropology, ophunzira miyambo ndi kakhalidwe ka mitundu ya anthu, anayamba kumakhala nthawi yaitali pakati pa anthu omwe akuwaphunzira, monga Bronisław Malinowski ku zilumba za Trobriand, kufupi ndi New Guinea, pakati pa 1915 ndi 1918, poti zomwe munthu amauza mlendo wa tsiku limodzi ndi zomwe amachita mlendoyo akazolowereka nthawi zambiri zimasiyana.

Zinandipangitsa kuganiza za amalume. Iwowo moyo wawo wonse anali kapitawo, oyang'anira anzawo pa ntchito, munthu wonyadira kuti sanayambanepo ndi bwana. Nkhani yoti bambo awo anathamangitsidwa ngati woyambitsa chisokonezo siwakhala bwino, makamaka pouza ife ana. Msanawo mwina unavulaladi, ntchito zonyamula zimatero. Koma pa zinthu ziwiri zoona munthu amasankha yomwe angathe kukhala nayo.

## Angati?

Pali funso lomwe amayi ndi amalume sanafunse, ndipo ndi lomwe munthu wa sociology, wophunzira mmene anthu amakhalira m'magulu, akanayambira. Mwezi umenewo, pa kampani imeneyo, ndi anthu angati anachoka ndi kalata ya mawu omwewa? Ngati anali agogo okha, za msana zikumveka. Ngati anali makumi angapo, onse "mwa kufuna kwawo", onse sabata imodzi, apo ndiye nkhani ndi ina, olo pepala lililonse palokha likukana.

Mphamvu ya kuwerenga anthu ili pamenepo, umaona zomwe munthu mmodzi sangaone pa moyo wake. Émile Durkheim mu 1897 anatenga chinthu chooneka ngati cha munthu payekha kwambiri, kudzipha, n'kuyang'ana manambala a maiko a ku Ulaya. Anapeza kuti chiwerengerocho chimakhala chokwera pakati pa Apulotesitanti kuposa Akatolika, pakati pa amuna osakwatira kuposa okwatira, ndipo chimatsika nthawi ya nkhondo. Iye anati zimatengera mmene munthu alili womangika kwa anthu anzake. Banja lililonse loferedwa limadziwa chifukwa cha m'bale wawo yekha, koma mzere wodutsa m'mabanja masauzande umaoneka ndi wowerenga basi. Ngakhale apo, ena anadzafunsa funso la amayi lija, kuti manambalawo analemba ndani, poti kumene kudzipha kuli kochititsa manyazi kwambiri abale ndi olemba za imfa amatha kulemba kuti inali ngozi.

Ndipo kuchuluka kwa manambala pakokha sikupulumutsa. Mu 1936 magazini ya Literary Digest inatumiza makalata pafupifupi 10 miliyoni kufunsa anthu a ku America amene adzamuvotere pa chisankho cha pulezidenti, n'kulandira mayankho oposa 2 miliyoni. Inalengeza kuti Alf Landon apambana. Franklin Roosevelt anapambana m'zigawo 46 mwa 48. Maina ambiri anawatenga m'mabuku a manambala a foni ndi m'kaundula wa eni magalimoto, nthawi yoti osauka analibe zonsezo, komanso amene anavutika kuyankha ambiri anali okwiya ndi Roosevelt. George Gallup anafunsa anthu ochepa kwambiri poyerekeza, koma anayesetsa kuti akhale osakanikirana ngati mmene dziko lilili, ndipo ananena molondola amene apambane. Magazini ija inatsekedwa mu 1938.

## Zoti aliyense ali ndi choonadi chake

Anthu ena akamva zonsezi amathamangira kunena kuti nde basi palibe chodziwika, aliyense ali ndi choonadi chake. Ine zimenezo ndimakana ndithu, ndipo zimandipweteka ndikamazimva, chifukwa amene amapindula ndi maganizo amenewo nthawi zonse ndi amene ali ndi choti abise. Luigi Trastulli anafa mu 1949, osati mu 1953. Portelli anatha kuona tanthauzo la kuphonya kuja chifukwa choti deti lenileni anali nalo m'manja, popanda nyuzipepala ndi zikalata bwenzi atangolemba 1953 n'kumapita. Pa nkhani ziwiri za Susan Hamlin sitiponya ndalama m'mwamba kuti tisankhe, tili ndi zikalata zogulitsira anthu, tili ndi zidziwitso za mu nyuzipepala zomwe eni akapolo amalemba okha posaka othawa, akufotokoza zipsera za zikwapu kumsana kuti anthu awazindikire. Umboni wochokera mbali zosiyana, wina kwa ozunzidwa wina kwa ozunza, ukamaloza malo amodzi, pamenepo tikhoza kuima.

Ntchitoyi ndi yochedwa komanso yotopetsa, ndipo zotsatira zake zimasintha umboni watsopano ukapezeka, ngati mmene mafayilo a ku Hanslope Park anasinthira zomwe boma la Britain limatha kukana. Ena amaona kusinthako ngati kufooka, amati sayansi yeniyeni ndi ya mu labu. Koma wa mu labu chomwe akuyeza sichimuopa, sichimuchitira manyazi, sichifuna thandizo kwa iye. Wophunzira za anthu akuyeza chinthu chomwe nachonso chikumuyang'ana, ndipo iye mwini ndi munthu wa mtundu winawake, chipani chinachake, wolipidwa ndi winawake. Funso loti analemba ndani limamugweranso iyeyo, ndipo olemba abwino amaonetsa poyera komwe atenga chilichonse kuti wina adzathe kuwatsutsa.

## Za ife tidzasiya chani

Timaganiza kuti m'badwo wathu sudzavuta kuufufuza poti chilichonse tikulemba, Facebook, WhatsApp, zithunzi zosawerengeka. Koma bungwe la ITU, nthambi ya UN yoona za mafoni ndi intaneti, linati mu 2023 anthu pafupifupi 2.6 biliyoni sanali pa intaneti, ndiye kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse, ndipo ambiri mwa iwo ndi osauka, okalamba ndi akumidzi. Wodzalemba mbiri yathu pongowerenga ma post adzagwa m'dzenje lomwe inagwa Literary Digest, mayankho mamiliyoni koma ochokera kwa okhawo amene anali ndi foni ndi bandulo. Ndipo ife olembafe timalemba tikudziwa amene akutiwerenga, abwana, apongozi, anzathu a kusukulu, nde zambiri zomwe zili pa ma wall athu ndi nkhani ya kwa Jessie Butler, ya kwa Ladson timakamba pa voice note yomwe imafufutika foni ikatayika.

Olo zosungidwazo zili m'manja mwa makampani, osati mwathu. Mu 2019 MySpace, tsamba lochezerapo ngati Facebook, inavomera kuti posamutsa ma server inataya nyimbo, zithunzi ndi mavidiyo omwe anthu anaika kuyambira 2003 mpaka 2015, nyimbo zokha zikuyerekezedwa kuti zinali pafupifupi 50 miliyoni. Ine pano ndikajambula wachikulire aliyense akukamba zakale, ndimayamba ndi kutchula deti, malo, dzina langa ndi ubale wanga ndi iyeyo, komanso amene ali m'chipindamo akumvetsera, kenako fayiloyo ndimaisunga malo awiri ndipo zikuluzikulu ndimazilembanso pa pepala.